Boti la ku Lucinda limene linatisiya pachilumba cha Hinchinbrook n'kudzatitenga tsiku lachisanu

Ine ndinakulira ku Dwangwa, ndipo nyanja imene ndinkaidziwa ndi ija yoti ukakokera bwato pamchenga madzulo, m'mawa umalipeza pomwepo, madzi nawonso ali pomwe unawasiya. Nyanja yamchere ya kuno ku Queensland, m'dziko la Australia, siitero. Imadzaza n'kuphwa kawiri pa tsiku, masiku ena kusiyana kwake kumafika mamita atatu, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Malo amene m'mawa mwayenda pamchenga wouma, masana mumapeza pali madzi olekeza m'chifuwa. Ndakhala ku Townsville zaka zingapo ndikugwira ntchito ya unamwino, nyanjayi ndimaiona tsiku ndi tsiku, koma kuti imalamula munthu nthawi yodzuka, yodya ndi yonyamuka ndinakazimvetsera pachilumba cha Hinchinbrook mu Ogasiti 2023, pamene tinayenda wapansi njira ya Thorsborne ndi bambo a kunyumba ndi mng'ono wawo.

Ndikufuna ndifotokoze za boti limene linatiwolotsa, chifukwa Amalawi anzathu angapo a kuno andifunsa ngati ndalama imene amalipiritsa ili yoyenera. Yankho langa ndi lakuti inde, ngakhale pali zinthu zitatu zimene sizinandisangalatse, ndipo ndizinena. Dzina la kampaniyo sinditchula. Amene amagwira ntchitoyi ndi ochepa, ena amanyamukira ku Cardwell, ena ku Lucinda, ndipo ife tinakwera la ku Lucinda.

Hinchinbrook ndi chilumba chachikulu, masikweya kilomita pafupifupi 400, kutanthauza kuti Likoma angalowemo kopitirira ka 20. Mulibe mudzi, mulibe sitolo, mulibe msewu. Chonsecho ndi malo otetezedwa ndi boma. Eni nthaka ake ndi anthu a mitundu ya Bandjin ndi Girramay, ndipo dzina lake m'chinenero chawo ndi Munamudanamy. Dzina la Hinchinbrook linachokera kwa James Cook, amene anadutsa panyanja mu 1770 n'kuona mapiri ake, osazindikira kuti ndi chilumba. Njira ya Thorsborne ndi makilomita 32, imatsata gombe la kum'mawa kuchokera ku Ramsay Bay kukafika ku George Point. Pa nthawi imene tinapita, anthu ololedwa kukhala m'njiramo nthawi imodzi anali 40 okha, ndipo gulu limodzi silinkayenera kupitirira anthu asanu ndi mmodzi. Ndiye chinthu choyamba si boti ayi. Muyambe mwapeza chilolezo chogona pachilumbapo kudzera pa intaneti, miyezi ingapo nthawi isanakwane, chifukwa m'miyezi yozizira malo amatha msanga. Ife tinatenga chathu mu Febuluwale.

Chilolezo chili m'manja, ndinalembera a boti. Apa ndi pamene pali dandaulo langa loyamba. Panapita masiku asanu ndi limodzi osayankhidwa, foni ikungoitana. Munthu walipira kale chilolezo, wapempha kale tchuthi kuntchito, mlamu wako wagula kale tikiti ya ndege kuchokera ku Perth, ndiye chete wotere amakusowetsa tulo. Atayankha anapepesa kuti masana onse amakhala pamadzi. Ndikumvetsa, koma uthenga waufupi wonena kuti talandira, dikirani, sukanawatengera mphindi. Chimene chinandibweza mtima ndi funso limene anandifunsa asanatchule n'komwe za ndalama: mukufuna kugona kuti usiku uliwonse, ndipo pagulu lanu woyenda pang'onopang'ono ndani? Nditawauza, anandilangiza kuti tisinthe tsiku lopumula, tikapumulire ku Zoe Bay m'malo mwa ku Little Ramsay Bay, komanso kuti tsiku lomaliza tidzadzuke kusanache. Sindinamvetse chifukwa chake nthawi imeneyo.

Kuchokera ku Townsville kukafika ku Lucinda ndi maola awiri osakwana pagalimoto, kutsata msewu wa Bruce Highway mpaka ku Ingham, kenako kukhotera kunyanja. Chigawo chimenechi ndi cha nzimbe zokhazokha, ndipo Ogasiti ndi nthawi yodula. Fungo lija la nzimbe zophwanyidwa litalowa pawindo ndinangoti zii, mtima uli ku Dwangwa, ndikuona bambo anga akubwera kuchokera kufakitale madzulo. Ku Lucinda kuli jeti (mlatho wa padoko) yotalika makilomita 5.76 yolowa m'nyanja, imene lamba wake amanyamula shuga kukathira m'sitima zikuluzikulu. Jeti imeneyi muisunge m'mutu, chifukwa tsiku lomaliza la ulendo ndi imene imakuuzani kuti mwatsala pang'ono kufika.

Tinagona komweko, ndipo m'mawa tinapita padoko la Dungeness. Woyendetsa botiyo anali bambo wachikulire ndithu, wakhungu lopsa ndi dzuwa, wosachulutsa mawu. Anationetsa poimika galimoto, anawerenga mayina athu papepala, n'kufunsa aliyense kuti wanyamula madzi ochuluka bwanji. Ananyamula chikwama cha alamu anga, n'kuchiyesa m'manja, n'kunena kuti chalemera kwambiri. Alamu anatulutsamo nsapato zachiwiri, buku, ndi zitini zinayi za nyemba. Kenako bamboyo anatipatsa zinthu ziwiri. Choyamba chinali kachipangizo kokhala ngati foni yakale, koti ukavulala kwambiri umakanikiza batani ndipo kamatumiza uthenga kwa opulumutsa anthu kudzera pa setilaiti, poti netiweki ya foni pachilumbapo imapezeka mwa apo ndi apo. Chachiwiri chinali pepala limodzi la nthawi za kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja masiku asanu athuwo, ndipo iwo anali atazunguliza ndi cholembera chofiira malo atatu. Pansi pake analemba ndi dzanja kuti George Point, 10 koloko.

Pepala limenelo ndi limene ndinalipirira ndalama yanga. Zina zonse, injini, mafuta, mipando, wina aliyense wokhala ndi boti akanatha kutipatsa.

Ulendo wopita unatenga ola ndi theka, kudutsa mumpata wa madzi umene uli pakati pa chilumbacho ndi mtunda. Kudzanja lamanja mapiri amangoti njo kuchokera m'madzi, nsonga zake zili m'mitambo. Lalitali kwambiri ndi Mount Bowen, lopitirira mamita 1,100. Mbali zonse kuli nkhalango ya mitengo yomera m'matope amchere, imene kuno amati mangrove, mizu yake ili pamtunda ngati miyendo ya kangaude. Pena bamboyo anazimitsa injini n'kuloza pamadzi. Panatuluka msana wotuwa ndi mphuno, kupuma kamodzi, n'kumira. Anati ndi dugong, nyama yoyamwitsa imene imadya udzu wa pansi pa nyanja. Sanatithamangitse. Tinakhala pamenepo mpaka inatulukanso kachiwiri.

Dandaulo lachiwiri ndi lachitatu zili pa ulendo womwewu. Malangizo ofunika kwambiri, a ng'ona, a mitsinje, a komwe kuli madzi akumwa, anawanena boti likuthamanga, injini ikulira, mphepo ikuwomba. Kachingerezi ka kumpoto kwa Queensland n'kothamanga kale ngakhale pamalo opanda phokoso. Ine ndinali kumbuyo ndipo ndinamva theka lokha. Titaima ndinawapempha kuti abwereze, ndipo anabwereza mosanyinyirika, koma panali atsikana awiri a ku Germany amene ndikukhulupirira kuti sanamve zambiri ndipo anachita manyazi kufunsa. Zinthu zokhudza moyo wa munthu zimafunika kunenedwa padoko, injini isanalizidwe. Chinanso, sanatichenjeze kuti mafunde adzalowa. Miyezi imeneyi kumawomba mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, yofanana ndi mwera wa kwathu ndipo nyengo yakenso ndi yomweyo. Titatulukira poyera chakumpoto, madzi anayamba kukhavukira m'boti, ndipo chikwama changa, chimene chinali pamwamba pa zinzake, chinanyowa mbali imodzi pamodzi ndi chofunda. Pulasitiki wamkulu wophimbira katundu akanathetsa nkhaniyi. Inu mukamapita, zovala ndi zogonera muzikulunge m'majumbo musanakwere.

Kumpoto botilo limalowa ku Missionary Bay, n'kutsata kamtsinje kokhotakhota m'kati mwa mangrove, kopapatiza moti nthambi zimakhudza denga. Boti limalowa m'kamtsinjeka madzi akadzaza basi, n'chifukwa chake nthawi yonyamukira ku Lucinda imasintha tsiku ndi tsiku. Kumapeto kwake kuli kamlatho kamatabwa. Tinatsitsa zikwama, bamboyo anatigwira chanza mmodzimmodzi, n'kunena kuti, "Tsiku lachisanu, 10 koloko. Mukachedwa musathamangire kuwoloka mtsinje, ine ndidzakupezani." Anabweza boti, phokoso la injini linazilala, ndipo kunatsala kulira kwa udzudzu ndi kuthetheka kwa matope. Alamu anayang'ana mkulu wawo n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, ndiye atisiyadi." Palibe anayankha. Tinasenza katundu.

Mukatsata matabwawo mphindi zochepa mumatulukira pa Ramsay Bay, mchenga woyera wautali wopanda phazi la munthu. Tsiku loyambalo tinayenda makilomita 6.5. Njira imadziwika ndi tizizindikiro ta mtundu wa lalanje tokhomedwa pamitengo ndi pamiyala, ndipo sinalambulidwe ngati njira za m'mapaki a m'tauni: ndi mizu, miyala, ndi makwawa. Tinasiya zikwama pampata n'kukwera Nina Peak, kaphiri ka mamita 312, kotsetsereka koopsa, koma pamwamba pake mumaona mitsinje yonse ya Missionary Bay itatambasuka ngati mitsempha ya padzanja. Titadutsa Nina Bay tinafika pa Boulder Bay, pamene palibe njira koma kudumpha mwala ndi mwala, ina yaikulu ngati nyumba. Apa panali chizindikiro chofiira choyamba papepala lija: tidutse masana madzi akutsika. Tinatero, ndipo miyala inali youma. M'madzi munali nkhasi zikuluzikulu za m'nyanja zikutulutsa mitu.

Tinagona ku Little Ramsay Bay, pafupi ndi dziwe limene madzulo limaonetsa chithunzi cha Mount Bowen. Moto wa nkhuni ndi woletsedwa pachilumba chonse, mumaphikira pakambaula ka gasi, ndipo zinyalala zanu zonse mumabwerera nazo. Za makoswe bamboyo anali atanena, ndipo sanakokomeze. Kuli makoswe akuluakulu a mchira woyera amene amaboola chikwama, tenti, ngakhale chidebe chapulasitiki. Pamalo ogona anaikapo mipiringidzo yachitsulo yokolekapo zikwama. Alamu anaiwala paketi ya mtedza wokazinga m'thumba la buluku limene anayanika pachingwe, ndipo m'mawa thumbalo linali bowo lokhalokha.

Tsiku lachiwiri ndi limene limayesa munthu. Kuchokera ku Little Ramsay Bay kukafika ku Zoe Bay ndi makilomita 10.5, ndipo pamapu amati maola asanu ndi limodzi. Ife tinatenga asanu ndi atatu. Chizindikiro chofiira chachiwiri chinali pakamtsinje kamene kali kum'mwera kwa gombe limene tinagonalo: tiwoloke isanakwane 8 koloko. Tinawoloka cha m'ma 7, madzi ali m'akakolo. Anyamata atatu amene anagona pafupi nafe ananyamuka mochedwa, ndipo atatipeza madzulo anatiuza kuti anadikira pamenepo nthawi yaitali.

Mukachoka kugombe njira imakwera pampata, kenako imatsika m'khwawa la miyala yoterera, n'kulowa m'dambo. Dambo limenelo sindidzaliiwala. Muli mitengo ya makungwa osendeka ngati mapepala, migwalangwa ya masamba obulungira ngati maambulera, ndi matope akuda amene pena amalekeza m'mawondo. Muli chingwe china chaminga chimene amachitcha wait-a-while, ndiye kuti taimani kaye, chimene chimakola malaya ngati kankhande, ndipo ukalimbana nacho chimang'amba khungu. Umayenera kubwerera m'mbuyo n'kuchikolopola bwinobwino. Mitsinje ya m'menemo ina imalumikizana ndi nyanja, ndipo pali zikwangwani zachikasu zochenjeza za ng'ona. Pa umodzi mwa mitsinjeyi bambo a kunyumba anafuna kuvula nsapato kuti atsuke matope. Ndinawagwira mkono. "Bambo, apa ayi. Tiyeni tikasambe kutsogolo." Anandiyang'ana, n'kuona kuti sindikuseka, n'kumanganso zingwe za nsapato. Iwo ndi a ku Dedza, kumapiri. Ine ndinakula ndikumva maliro a anthu ogwidwa pamadooko, ndipo madzi odekha, akuda, a m'mbali mwa mitengo ndimawadziwa. Ng'ona za kuno ndi za m'madzi amchere, zimakula kuposa za kwathu, ndipo zimayenda m'nyanja kuchoka pamtsinje wina kupita pa wina.

Alamu anali atayamba kutsimphina. Nsapato zawo zinali zatsopano, zogula sabata yomweyo, ndipo zitanyowa zinawatupitsa matuza zidendene zonse ziwiri. Ndinawakhazika pachipika, ndinatsuka, ndinamata pulasitala. "Alamu, mukanandiuza kale," ndinatero. Anati, "Ndimaopa kukuchedwetsani, alamu." Musapite ndi nsapato zatsopano, ndipo wina akayamba kumva kuwotcha kuphazi aime pomwepo.

Kenako nkhalango inangotseguka, ndipo tinali pa Zoe Bay.

Ndayesa kangapo kufotokozera anzanga kuntchito za malowa ndipo mawu amandithera. Ndi gombe lopindika ngati uta, lalitali moti munthu amene ali kumapeto kwake amaoneka ngati nyerere. Kumbuyo kwake kuli nkhalango yobiriwira bii, ndipo kumbuyo kwa nkhalangoyo mapiri amiyala aima ngati khoma. Dzuwa linali litapendeka, madzi akuphwa, ndipo mchenga wonyowa unkaonetsa mapiriwo chadodolido. Pamchenga ponse panali timipira ting'onoting'ono ta mchenga timene nkhanu zimakumba, tosanjika ngati mikanda. Tinayenda osalankhula mpaka kumapeto a kum'mwera, kumene kuli malo ogona pafupi ndi pamene South Zoe Creek amathira m'nyanja. Kunali matenti ena anayi okha. Usiku kunalibe kuwala kwa magetsi kulikonse, nyenyezi zinali mbwee ngati za kumudzi nthawi ya chisanu, ndipo ndinagona ndikumva nyanja ikubwera pang'onopang'ono mpaka inafika pafupi ndi mitengo, kenako n'kubwerera.

Madzi okongola choncho, koma simusambamo. Ng'ona zilipo chaka chonse, ndipo kuyambira Novembala mpaka Meyi mumakhalanso tizilombo toyandama totchedwa box jellyfish, timene ululu wake umapha munthu. Kosamba ndi kumtunda. Mukatsata mtsinje pafupifupi kilomita imodzi mumafika pa mathithi a Zoe Falls, pamene madzi amatsetsereka pathanthwe n'kugwera m'dziwe lalikulu loyera mbee, loti mumaona mwala uliwonse pansi. Muli nsomba zotchedwa jungle perch zimene zimabwera kudzakuzungulirani miyendo. Pambali pake njira imakwera, pena mogwira chingwe, kukafika pamwamba pa mathithiwo, pamene pali timaiwe tating'ono m'thanthwe. Mumakhala m'madzi ozizira mpaka m'khosi, kutsogolo kwanu gombe lonse la Zoe Bay lili pansi, nyanja ikunka mpaka kumene maso alekeza. Tsiku lathu lopumula lonse linathera pamenepo. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chimene bambo wa boti uja anatiuza kuti tisinthe. Tikanapumula ku Little Ramsay Bay, tikanafika kuno madzulo titatopa, n'kunyamuka m'mawa, ndipo mapazi a alamu sakanapeza tsiku lopola.

Chovuta cha ku Zoe Bay ndi tintchentche ting'onoting'ono ta mumchenga, tosaoneka bwino ndi maso, timene timaluma m'mawa ndi madzulo. Udzudzu umamveka ukamabwera, koma iti timangokusiyirani zidzolo zoyabwa sabata yathunthu. Mankhwala odzola amathandiza pang'ono. Chimene chinandithandiza ine ndi malaya a manja aatali, buluku lalitali, masokosi, ndi chitenje chimene ndinkafunda kumutu pophika.

Madzulo a tsiku lopumulalo ndinaphika nsima. Ndinali nditanyamula ufa wokwana kamodzi kokha ndi kamthiko kakafupi, bambo akudandaula kuti ndi katundu wosafunika. Nsima imadya gasi kwambiri, ndipo pakapoto kopyapyala ka paulendo imafuna kupserera, ndiye moto uzikhala wochepa ndipo dzanja lisaime. Ndiwo zinali nsomba za m'chitini zothira anyezi wouma ndi tsabola. Tinadya titakhala pachipika, tikuyang'ana nyanja. Atsikana a ku Germany aja analawa, wina anapempha kuwonjezera. Amene ankati ufa ndi katundu wosafunika ndi amene anakokota m'poto.

Njirayi inatchedwa dzina la Arthur Thorsborne, amene pamodzi ndi mkazi wake Margaret anathera moyo wawo akuteteza zachilengedwe za dera lino. Kuyambira mu 1965 ankapita ku Brook Islands, tizilumba ta kumpoto chakum'mawa kwa Hinchinbrook, kukawerenga nkhunda zoyera za mapiko akuda kunsonga zimene zimabwera kuchokera ku New Guinea kudzaswa, pa nthawi imene alenje ankaziwombera mwaunyinji. Ankakhala pansi madzulo n'kumawerenga mbalame imodziimodzi zikamabwerera kuchisa, chaka ndi chaka. Margaret anamwalira mu 2018. Nkhaniyi anatiuza ndi bambo wa boti yemweyo, ndipo mmene ankaifotokozera zinkaoneka kuti malowa amawakonda, sikuti amangodyerapo.

Tsiku lachinayi ndi makilomita 7.5 kukafika ku Mulligan Falls. Mumakweranso pa mathithi paja, n'kutsata mtsinje mpaka pampata wa mamita 260, pamene ndi pamwamba kwambiri pa njira yonse. Kumeneko kulibe mthunzi, zomera ndi zazifupi, ndipo kum'mwera mumaona zilumba za Palm. Mtsinje wa Diamantina uli ndi miyala yoterera kwambiri, ndipo mvula ikagwa umadzaza mwadzidzidzi. Ife tinaupeza uli wofatsa. Pa Mulligan Falls amalola kugona usiku umodzi wokha. Tungani madzi okwanira pamenepo, chifukwa ku George Point kulibe akumwa.

Chizindikiro chofiira chachitatu, chozungulizidwa kawiri, chinali pa Mulligan Creek. Mtsinje umenewu umadula gombe makilomita awiri musanafike ku George Point, ndipo umawolokeka madzi akaphwa kapena akakhala pakatikati. Tsiku limenelo nyanja inkaphwa cha m'ma 8 koloko. Kuchokera pamene tinagona kukafika pamtsinjewo ndi makilomita opitirira asanu, theka loyamba m'nkhalango, kwinako pamchenga. Tinadzuka 5 koloko, tinapasula tenti ndi matochi, tinamwa tiyi choimirira. Alamu ankayenda movutika, ndipo bambo anatenga tenti ndi mbaula kuchokera m'chikwama chawo n'kuika m'chawo. Titatulukira kugombe, jeti ya shuga ija inaoneka patali, mzere woongoka pamwamba pa madzi. Mumayenda, mumayenda, koma siyandikira.

Tinafika pamtsinje 8 koloko itangopitirira. Madzi anali m'munsi mwa mawondo, oyera, pansi pakuoneka. Ndinaima kaye n'kuyang'ana kumtunda ndi kumunsi, m'mbali mwa mitengo, pamatope ngati pali mkwasa wa mimba ndi mchira. Panalibe. Tinamasula malamba a zikwama, tinawoloka pamodzi mofulumira, osaima pakati. Titakhala tsidya linalo ndinaona pamitengo mzere wa pamene madzi amalekeza akadzaza. Unali pamwamba pa mutu wanga.

Pa George Point tinafika 9 koloko. Mphepo inali itayamba, nyanja yachita thovu, ndipo mumtima ndinkati mwina boti silibwera. Lucinda amaoneka tsidya, pafupi ndithu, koma pakati pali madzi othamanga oti munthu sangayerekeze. Kutatsala mphindi khumi kuti 10 ikwane tinamva injini. Bamboyo anakocheza, anatsika ndi pepala lake lija la mayina, n'kuyamba kuitana. Ife atatu tinalipo, anyamata atatu aja analipo. Atsikana a ku Germany kunalibe. Anafunsa amene anawaona komaliza, ndipo ndinawauza kuti pamene tinkanyamuka tenti yawo inali isanapasulidwe. Sanakwiye, sananene kuti nthawi yakwana. Anatikweza tonse, n'kuyendetsa boti pang'onopang'ono motsata gombe kubwerera kumpoto, maso ali kumtunda. Tinawapeza ataima kutsidya kwa Mulligan Creek, madzi atakwera kale, mmodzi atavula nsapato, zikuoneka kuti akukambirana zowoloka. Bamboyo analiza hutala n'kuwakweza dzanja kuti aime pomwepo. Anayandikiza boti pamchenga mafunde akulimenya m'mbali, bambo a kunyumba ndi mnyamata wina anatsika kukagwira chingwe, ndipo atsikanawo anakwera, wina akulira. Bamboyo anangowapatsa botolo la madzi n'kunena kuti anachita bwino kudikira. Sanawalipiritse kanthu kowonjezera. Ndikubwerezabe kuti akanamva bwino malangizo tsiku loyamba lija, mwina sakanachedwa, ndipo mbali imeneyo kampaniyi ikonze.

Za mtengo: si wotsika, makamaka mukaganiza kuti ulendo wobwerera kuchokera ku George Point ndi wa mphindi 15 zokha. Kwa anthu atatu, boti linatidyera ndalama zambiri kuposa chilolezo, chakudya ndi mafuta a galimoto kuphatikiza pamodzi. Mitengo imasintha, ndiye funsani nokha, ndipo funsaninso ngati kachipangizo koitanira thandizo kali m'kati mwa mtengowo kapena n'kobwereka padera. Kwa ife kanali m'kati. Mufunsenso kuti nyengo ikaipa amachita bwanji, chifukwa tsiku limatha kusintha, ndipo amene akubwera pandege asaike ulendo wobwerera tsiku lomwelo lotuluka pachilumba. Ana aang'ono kapena munthu wa vuto la mawondo sindingamulimbikitse njira yonseyi. Miyezi yabwino ndi kuyambira Epulo mpaka Seputembala, kunja kukuzizira ndipo mvula yachepa.

Titafika pa Dungeness alamu anatsika opanda nsapato, atazikoleka m'khosi, mapazi ali mapulasitala okhaokha. Bamboyo analandira kachipangizo kake, anakayang'ana ngati sikanakanikizidwe, n'kudula mayina athu asanu ndi atatu papepala limodzilimodzi. Ndinawapempha ngati ndingasunge pepala la nthawi za madzi lija, lomwe linali litanyowa n'kuuma kangapo, zofiira zija zitafalikira. Anati ndi langa. Padoko panali kale anthu ena anayi ndi zikwama zawo zoyera, ndipo pamene tinkakweza katundu m'galimoto ndinawaona bamboyo atanyamula chikwama cha mmodzi wa iwo, akuchiyesa m'manja.